Funsani Amalume: Kodi Naspers ndi ya ndani, nanga DStv yagwa m'manja mwa yani?

Mwezi uno mwandilembera makalata atatu amene onse akuzungulira kampani imodzi ya ku South Africa, ngakhale olembawo sakudziwana. Ndawaika pamodzi. Yankho loyamba latalika chifukwa nkhaniyi imandikhudza ndithu, monga muonere.

*Amalume, ndine mnyamata wa kwa Kachindamoto koma ndili ku Cape Town, chaka chachinayi tsopano. Ndimayendetsa njinga yamoto, kuperekera anthu zakudya zomwe aitanitsa pa Mr D. Tikamadikira maoda timakangana kwambiri. Mnzanga wa ku Zimbabwe akuti kampaniyi ndi ya Matchaina. Wina wa ku Congo akuti ndi ya Mabunu omwe aja a tsankho. Ine ndimati ndi ya eni ake a DStv. Tatiuzani, tikugwirira ntchito ndani?*

Mphwanga, aliyense mwa atatu inu wanenako kanthu koona, koma palibe wafikitsa. Tiyambe ndi bokosi limene mumamanga kumbuyo kwa njingalo. Mr D ndi ya Takealot, sitolo ya pa intaneti ija, imene idagula bizinesi yoperekera zakudyayi mu 2014. Takealot nayo ili ndi mwini, ndipo mwiniyo ndi Naspers, yomwe likulu lake lili ku Cape Town komweko, pa msewu wa Heerengracht. Ndikhulupirira mumadutsapo ndi njinga yanu kangapo pa sabata.

Naspers payokha sigulitsa chakudya, siphika, sinyamula katundu. Ntchito yake ndi kukhala ndi masheya m'makampani ena, kusankha owayendetsa ndi kudya phindu. Kwathu kuno chitsanzo chake ndi Press Corporation: simungapite ku ofesi yake kukagula mayunitsi kapena kukatapa ndalama, komabe ili ndi gawo lalikulu mu TNM ndi National Bank. Kampani yotere ili ngati kholo limene ana ake adakwatiwa m'midzi yosiyanasiyana, ndipo mwana aliyense amatumiza kangachepe kumudzi.

Mnzanu wa ku Congo walondola pa chiyambi chake. Naspers idabadwa mu 1915 ku Stellenbosch, dzina lake lili De Nasionale Pers. Nthawi imeneyo Mabunu, amene eni ake amadzitcha Afrikaners, adali ndi zilonda za nkhondo imene Angerezi adawagonjetsa mu 1902, ndipo nyuzipepala zazikulu za m'matauni zidali za Chingerezi. Adafuna pakamwa pawopawo. Mlimi wina wolemera, Jannie Marais, amene adapata chuma pa miyala ya dayamondi ku Kimberley, adagula limodzi mwa magawo anayi a masheya oyambirira. Iye adamwalira mu Meyi chaka chomwecho, nyuzipepala isanatuluke ngakhale imodzi. Pa 26 Julaye 1915 padatuluka De Burger, imene pambuyo pake idadzakhala Die Burger atasiya Chidatchi n'kuyamba kulemba mu Afrikaans.

Mkonzi wake woyamba adali D.F. Malan, mbusa amene adasiya guwa ku Graaff-Reinet kuti akagwire cholembera. Adali wa mpingo wa Dutch Reformed, womwe uja udatumiza amishoni ku Mvera mu 1889 kenako ku Nkhoma, kumene ambiri a ife tidabatizidwira ndi kuphunzirira a e i o u. Malan yemweyu ndiye adadzakhala nduna yaikulu ya South Africa mu 1948, chaka chimene chipani cha National Party chidayamba kuika tsankho la apartheid m'malamulo. Kwa zaka makumimakumi Die Burger idali ng'oma ya chipanichi ku Cape. Zimenezi si mphekesera, ndi mbiri imene kampaniyo payokha idadzavomereza.

Ndikuuzeni chimene chimandichititsa kuitsata nkhaniyi. Bambo anga adapita ku Joni pa Wenela, n'kukagwira ntchito mu mgodi wa golide kufupi ndi Carletonville. Pobwera adabwera ndi thiranki yachitsulo yobiriwira. M'kati mwa chivundikiro chake adamatamo masamba a magazini ndi phala la ufa, kuti dzimbiri lisamadetse zovala. Ine ndili mwana ndinkakonda kutsegula thirankiyo mayi akapita kudimba. Padali chithunzi cha mzimayi wachizungu atanyamula mbale ya makeke, ndi mawu a zilembo zomwe ndinkazidziwa koma osamva kanthu. Pamwamba pake padalembedwa kuti Huisgenoot. Pambali pake adamata tsamba lina la Drum, la munthu wakuda wovala suti ndi chipewa chopendeka, akuimba lipenga. Bambo ankati tsamba loyambalo adatola m'bini ya kapitawo, lachiwirilo adagula ndi ndalama yawo. Nditakula ndidadzamva kuti Huisgenoot ndi magazini ya Nasionale Pers kuyambira 1916, ndipo Drum, imene mtolankhani Henry Nxumalo ankaululiramo nkhanza za m'mafamu a mbatatesi ku Bethal, idadzagulidwa ndi kampani yomweyo mu 1984 pamodzi ndi City Press. Masamba awiri amene bambo adawamata moyandikana, la abwana ndi la antchito, adathera m'khola limodzi. Ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa mpaka lero.

Tsono kampani ya manyuzipepala idafika bwanji pa njinga yanu? Kudzera pa kanema. Boma la South Africa lidatsegula wailesi ya kanema mochedwa, mu 1976, ndipo itayamba kuonetsa malonda, otsatsa adathawa m'manyuzipepala. Mnyamata wina dzina lake Koos Bekker, amene ankaphunzira za bizinesi pa Columbia ku New York, adaona momwe Amereka amalipirira kanema mwezi ndi mwezi. Adabwerera kwawo ndi ganizoli, mkulu wa Nasionale Pers pa nthawiyo, Ton Vosloo, n'kuligula. Mu 1986 M-Net idayamba kuonetsa, eni ake ali makampani a manyuzipepala, ndipo boma lidawaikira lamulo loti asamaulutse nkhani. M'menemo mudatuluka SuperSport, MultiChoice, kenako DStv mu 1995. Kampani idalowa pa msika wa masheya wa Johannesburg mu 1994, chaka chomwe Mandela adalowa m'boma, ndipo mu 1998 idafupikitsa dzina kukhala Naspers. Apa ndi pamene inu mwalondola, mphwanga, koma mwatsalira zaka zingapo. Onani yankho lachiwiri.

Za Matchaina, mnzanu wa ku Zimbabwe watembenuza nkhani. Si Matchaina amene adagula Naspers. Ndi Naspers imene idagula gawo la kampani ya Matchaina. Mu 2001, Bekker ali mkulu wa kampani, adapereka madola pafupifupi 32 miliyoni n'kutenga 46.5 peresenti ya Tencent, kakampani ka ku Shenzhen kamene kadali ndi zaka zitatu zokha, kali ndi anthu ambiri ocheza pa pulogalamu yake ya QQ koma kopanda ndalama. Makampani a pa intaneti adali atangogwa chagada dziko lonse ndipo ambiri ankawathawa. Tencent idakula, idabala WeChat mu 2011, idakhala chimphona cha masewera a pa foni ndi kompyuta. Pofika Malichi 2018 gawo la Naspers lidali la mtengo pafupifupi madola 175 biliyoni. Mwezi umenewo adagulitsako 2 peresenti yokha n'kupeza madola 9.8 biliyoni.

Anthu amakonda kunena kuti Bekker adali ndi diso la mphungu. Ine ndimaona kuti nzeru yake yaikulu idali kudekha. Kampaniyi idataya ndalama m'mabizinesi ena angapo a pa intaneti, ku China komweko ndi kwina. Chimene adachita bwino n'chakuti ataona ng'ombe imodzi ikubereka sadathamangire kuipha kapena kulowerera oweta ake. Adasiya Pony Ma ndi anzake, amene adaiyambitsa, aziyendetsa Tencent m'njira yawo, kwa zaka 17 osagulitsa gawo lalikulu. Mkaka wa ng'ombe imeneyo udathandiza kukuza mabizinesi ena a pa intaneti: msika wa OLX, makampani operekera zakudya a iFood ku Brazil ndi Swiggy ku India, njira yolipirira ya PayU, ndi Takealot imene ikukupatsani maoda. Ndiye mukauze anzanuwo kuti ndalama idayambira kwa Mabunu, idanenepera ku China, ndipo lero mbali yaikulu ya chumacho ikusungidwa ku Amsterdam.

Koma musaiwale mbali ya mlandu. Pamene komiti ya Archbishop Desmond Tutu inkamva za zoipa za apartheid, mu 1997 idaitana makampani ofalitsa nkhani. Naspers idakana kukapepesa. Atolankhani ake 127 adalemba okha, aliyense m'dzina lake, kuvomereza kuti ntchito yawo idathandiza kuchirikiza tsankho. Ndimawalemekeza anthu amenewo, chifukwa adasaina akudziwa kuti mabwana awo sakondwa. Kupepesa kwa kampani kudadza mu Julaye 2015, pa chikondwerero cha zaka 100, kudzera mwa Esmaré Weideman amene ankatsogolera Media24, nthambi ya manyuzipepala ya Naspers. Mlandu suola, koma zaka 18 zidali zambiri, ndipo ambiri amene adayenera kumva mawuwo, kuphatikizapo bambo anga, adali atapita kale kulichete.

*Amalume, ndine mayi wa ku Area 25 ku Lilongwe. Ndili ndi kamalo koonetsera mpira kuseri kwa golosale yanga. Makasitomala anga akunena kuti DStv yagulidwa ndi Afalansa. Ndi zoona? Nanga chinachitika n'chiyani muja tinamva kuti ikutuluka m'Malawi?*

Mayi, makasitomala anuwo akunena zoona. Nkhaniyi idayenda masitepe awiri.

Poyamba Naspers idalekana ndi MultiChoice. Mu Febuluwale 2019 idaitulutsa m'khola n'kuiika payokha pa msika wa masheya wa Johannesburg. Sidaigulitse, idangogawa masheya a MultiChoice kwa anthu amene adali kale ndi masheya a Naspers, ngati kholo limene lauza mwana kuti wakula, akamange nyumba yake. Chifukwa chake chidali choonekeratu. Netflix ndi anzake adali atafika, ndalama za maiko ambiri a mu Africa zinkagwa mphamvu pamene ufulu woonetsa mpira wa ku Ulaya umagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo maso a Naspers adali atatembenukira kale ku intaneti.

Chaka chotsatira, kampani ya ku France yotchedwa Canal+ idayamba kugula masheya ake pang'onopang'ono. Itadutsa 35 peresenti, malamulo a ku South Africa adaikakamiza kupereka mtengo kwa eni masheya onse. Mu 2024, itatsala pang'ono kudutsa malirewo, idali itayamba ndi marandi 105 pa sheya imodzi, a MultiChoice adati wachepa, n'kudzagwirizana pa marandi 125. Padali chopinga china: lamulo la dzikolo sililola mlendo kukhala ndi mavoti oposa 20 peresenti mu kampani yokhala ndi chiphaso choulutsira mawu. Adachizemba pokhazikitsa kampani ina yapadera yosunga chiphasocho, yomwe eni ake ambiri ndi a ku South Africa. Mu Sepitembala 2025 Canal+ idatenga chiwongolero. Mwini masheya wamkulu wa Canal+ ndi banja la Vincent Bolloré. Dzinali ena mwa inu mudaliwonapo pa magalimoto a katundu, chifukwa banjali linkayendetsa madoko ndi mtengatenga m'maiko ambiri a mu Africa lisanagulitse bizinesiyo kwa kampani ya sitima za pamadzi ya MSC mu 2022.

Za kutuluka m'Malawi zidachitika Afalansa asanatenge ulamuliro. Bungwe la boma loyang'anira mawailesi ndi makanema la MACRA linkati mitengo isakwere popanda chilolezo chake. MultiChoice Malawi inkayankha kuti iyo ndi yongotolera ndalama ndi kuthandiza makasitomala, mitengo imaikidwa ndi kampani ina pamwamba pake, MultiChoice Africa Holdings. Khoti litaletsa kukweza mitengo, mu Ogasiti 2023 kampani yapamwambayo idalengeza kuti ikuchotsa DStv m'dziko muno. Chigamulo cha khoti cha kumayambiriro kwa Disembala chaka chomwecho chidatsegula njira, ndipo DStv idabwerera. Mkangano wonsewo udagona pa funso lomwe lija la mphwanga wa ku Cape Town, loti mwini ndani. Amene mumamuona pa kauntala si amene amaika mtengo, ndipo amene amaika mtengo sakhala m'dziko lanu.

Ine ndimafuna kuona ngati eni atsopanowa adzaike ndalama pa mpira ndi masewero a kuno kwathu. Canal+ idazolowera maiko olankhula Chifalansa monga Senegal, Côte d'Ivoire ndi Cameroon, kumene imalipira opanga mafilimu a komweko. Ikachita chimodzimodzi kuno, kamalo kanu kadzadzadza ngakhale tsiku lopanda mpira wa ku England.

*Amalume, ndine mphunzitsi wa sekondale ku Chipata, ndimaphunzitsa za malonda. Ana anandifunsa kuti ngati kampani ili pa msika wa masheya, ndiye kuti mwini wake ndi amene ali ndi masheya ambiri? Ndinawayankha kuti inde, koma nditawerenga za Naspers ndi Prosus ndasokonezeka. Ndithandizeni.*

Aphunzitsi, mudzawauze anawo kuti yankho lija ndi loona pa makampani ambiri, koma osati pa iyi. Khotekhote ngwa njoka, inu tsatani kumene kwaloza mutu, ndipo mutu pa kampani ndi mavoti.

Naspers ili ndi masheya a mitundu iwiri. A mtundu wa N ndi amene amagulitsidwa pa msika, ndipo sheya imodzi ili ndi voti imodzi. Amene ali ndi ambiri mwa amenewa ndi mabungwe osunga ndalama za anthu. Limodzi mwa akuluakulu ndi Public Investment Corporation, imene imasunga penshoni ya ogwira ntchito m'boma la South Africa. Choncho namwino wa ku Soweto ndi wapolisi wa ku Polokwane ali ndi kagawo mu Naspers, mwina osadziwa n'komwe. A mtundu wa A ndi ochepa kwambiri, sagulitsidwa pa msika, amalandira phindu lochepa, koma sheya imodzi ili ndi mavoti 1000. Ambiri mwa amenewa ali m'manja mwa makampani awiri osatchuka, Naspers Beleggings ndi Keeromstraat 30 Beleggings. Dzina lachiwirili ndi la msewu wa Keerom ku Cape Town, kumene kudali maofesi akale a Die Burger. Kwa zaka zambiri makampani awiriwa pamodzi akhala ndi mavoti oposa theka. Eni ndalama ndi ena, ogwira chiwongolero ndi ena.

Akuluakulu a kampani amati dongosololi limateteza Naspers kuti asailande anthu akunja, limateteza ufulu wa manyuzipepala ake, komanso limatsimikizira maboma a maiko monga China kuti mnzawo wa lero ndi yemwe adzakhalepo mawa. Mfundozi zili ndi mutu. Koma ine sindigwirizana nazo kwathunthu. Ngati penshoni ya namwino ili pa chiswe pamene mabwana alakwitsa, namwinoyo kapena womuimira ayenera kukhala ndi mphamvu yowachotsa. Pa misonkhano ya pachaka, eni masheya a N ambiri akhala akukana malipiro a mabwana, koma mavoti a A amapititsa nkhaniyo.

Prosus ndi mwana amene adakula kuposa kholo. Chifukwa cha Tencent, Naspers idanenepa mpaka kudzaza msika wa Johannesburg, moti mabungwe osunga ndalama sakadatha kuigulanso popanda kuika mazira onse pamodzi, ndipo ankakakamizika kumagulitsako. Mtengo wa kampani yonse udatsika kufika pochepera mtengo wa gawo lake la mu Tencent lokha, ngati kugulitsa khola ndi ng'ombe zake zonse pa mtengo wosakwana wa ng'ombe imodzi. Pofuna kuthana ndi zimenezi, pa 11 Sepitembala 2019 adatenga chuma chonse cha kunja kwa South Africa, Tencent ili momwemo, n'kuchiika mu kampani yatsopano, Prosus, pa msika wa Amsterdam. Naspers idatsala ndi pafupifupi 74 peresenti. Mu 2021 adapotanso chingwe, Prosus n'kugula masheya a kholo lake, moti mwana adakhala mwini wa kholo pamene kholo ndi mwini wa mwana. Eni masheya adadandaula kuti n'zosamveka, ndipo mu 2023 adamasula mfundoyo. Chaka chomwecho Bob van Dijk, amene adatsogolera kuyambira 2014, adatula pansi udindo. Lero Naspers ili ndi gawo losakwana theka la chuma cha Prosus, koma ili ndi mavoti ochuluka, mwa njira yomwe ija ya masheya a mavoti ambiri. Makampani onse awiri ali ndi mkulu mmodzi, Fabricio Bloisi wa ku Brazil, amene adayamba mu Julaye 2024 atachokera ku iFood, ndipo wapampando ndi Koos Bekker. Gawo la mu Tencent akhala akuligulitsa pang'onopang'ono kuyambira 2022 kuti azigula masheya awo omwe, ndipo latsika kufika pansi pa limodzi mwa magawo anayi.

Mukafuna kuwajambulira ana pa bolodi, jambulani mizere iwiri, wina wa choko choyera woonetsa kumene ndalama ikupita, wina wa choko chofiira woonetsa kumene lamulo likuchokera. Adzaona okha kuti mizereyo sikumana.

Nanga manyuzipepala amene adayambitsa zonsezi? Ali pansi pa Media24, imene lero ndi kadontho chabe m'mabuku a ndalama a Naspers. News24, imene idayamba mu 1998, ndiyo yakula, ndipo nkhani zake zambiri amawerenga olipira pamwezi. Drum idasiya kutuluka pa pepala mu 2020. Kumapeto kwa 2024 adasiyanso kusindikiza Beeld, Rapport, City Press ndi Daily Sun, imene abale athu ambiri ku Joni ankaiwerenga m'matakisi popita ku ntchito, ndipo anthu ambiri adachotsedwa ntchito. Nditamva zimenezi ndidaimbira mlongo wanga kumudzi kumufunsa ngati thiranki ya bambo ikadalipo. Adati ilipo, amasungiramo mbewu ya mtedza. Tsamba la mzimayi wa makeke lidadyedwa ndi njenjete, koma munthu wa lipenga uja akuonekabe kuyambira chipewa mpaka m'mapewa. Ndamuuza kuti asalimatule, ndidzalijambula ndikapita pa Khirisimasi.